Mchere Umene Ndinatumiza ku Mgona

Mukandiona lero pa msika wa Kaliyeka ndikugulitsa tomato ndi anyezi, mwana ali pambali panga ngati ndamumangirira chingwe, musandifunse kuti ku Joni kunatha bwanji. Ena amabwezedwa ndi apolisi, ena matenda, ena madamu awo amawanamizira kuba ndolo. Ine ndinabwezedwa ndi botolo la madzi. Madzi enieni, anzanga, malita awiri, otunga ndekha ndi manja angawa. Ndati ndilembe kuti mwina mtima utsike, chifukwa ndikamafotokoza pakamwa anthu amayamba kuseka ndisanafike pomwe pamandiwawa.

Ndinapita ku Joni mwana wanga Tadala ali ndi zaka zitatu. Bambo ake, a Yohane, ndi a kabaza wa njinga yamoto, ndipo nthawi imeneyo njingayo inkakhala kwa makaniko masiku ambiri kuposa pamsewu. Tinkakhala ku Mgona pa poloti ya apongozi anga, a Nachisale, iwo nyumba yakutsogolo, ife kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri, pafupi ndi bafa. Mayi anga anamwalira kale, ndiye mwana ndinamusiya m'manja mwa apongoziwo. Tsiku lonyamuka anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutsitsa mawu.

"Kumene mukupitako mukadzisunge. Mwanayu akadali wamng'ono. Mukakatentha kumeneko, ife tidzaonera pa iyeyu."

Ndinati ndamva, amayi. (Ndinamvadi. Kungoti sindinkadziwa kuti munthu ungathe kudzisunga bwinobwino mlandu n'kukupezabe uli chikhalire.)

Ntchito ndinaipeza m'nyumba ya amwenye, m'tauni ina ya kumtunda kwa Durban. Kuchapa, kusita, kukolopa, kusambitsa agogo a m'nyumbamo, kudyetsa agalu awiri amene ankadya bwino kuposa ine. Madeyizi, masiku aja amakulembera m'pasipoti pa boda, anatha mwezi woyamba womwewo. Kuyambira pamenepo galimoto ikaima pageti, ine mtima phaa, munthu akandiyang'ana kawiri mu shopu, ine n'kutuluka osagula kanthu. Miyezi khumi ndi umodzi sindinapite patali kuposa shopu ya pakona ndi tchalitchi.

Koma Lamulungu lililonse madamu ndi ana awo ankapita kunyanja, n'kubwera ndi matawulo odzaza mchenga, ine ndi amene ndinkakung'untha. Mchenga wa kunyanja ndinausesa miyezi yonseyo, m'galimoto, m'bafa, m'matumba a makabudula, nyanjayo osaiona. Ndipo ine, munthu wobadwira mu Lilongwe momwemuno, ngakhale ku Salima sindinafikeko. Anzanga anapitako ndi sukulu tili Sitandade 6, ine chaka chimenecho ndi chomwe ndinasiya sukulu.

Tsiku lina madamu akuti banja lonse likupita ku ukwati kutali, agogo akuwatenga, agalu akukawasungitsa kwina. "Masiku atatu awa ndi ako," anatero, akunditchula dzina lomwe silanga (linali la wantchito amene analipo ine ndisanabwere, anaona kuti kuphunzira latsopano n'kutaya nthawi). Ndinaimbira mnzanga Memory, wa ku Area 25, amene ankagwira ntchito msewu wachitatu kuchokera kwathu, kuti tiye tikaone nyanja. Madamu ake anamukaniza. Koma malangizo anandipatsa.

"Foni uzimitse, uyikulunge m'jumbo, uyibise mu bra. Kumeneko anyamata amalanda ukulankhula, khutu lako n'kupita nalo limodzi."

Ndinazimitsa Lachisanu m'mawa. Ku Mgona sindinawauze, chifukwa ndinkadziwa mawu ake: mwana wake akudya bonya kuno, iye akukasamba kunyanja. Ndinakwera minibasi ndekha, ndinapeza kachipinda ka alendo ndekha, chitseko ndinatsekera ndi mpando. Ndekha. Mawu amenewa muwasunge, mudzaona mmene anandigwetsera.

Loweruka m'mawa ndinatsika msewu wolunjika kumadzi, ndipo ndisaname, ndinaima kukamwa kuli yasa. Madzi osaoneka tsidya, akubwera okha, akubwerera okha, popanda wowakankha, phokoso lake ngati malole akukhuthula miyala osaleka. Anthu atavala tinsalu toti kwathu sungapukutire ngakhale mbale. Ine ndili mu diresi la kutchalitchi, chitenje pamwamba, wigi yatsopano, mapatapata a pinki, m'manja jumbo ya buledi ndi botolo la chakumwa la malita awiri.

M'mawa wonse holide yanga inali yowerenga apolisi. Ndinakhala pansi pa kakhoma, nsana kukhoma kuti wina asandidzere kumbuyo. Awiri anadutsa pa njinga, ndinayang'ana pansi. Anabwereranso, ndinayamba kutafuna buledi mwamphamvu ngati munthu wa konkuno amene alibe nkhawa. Moni wa Chizulu ndinali nditauloweza, ndinkangoubwereza mumtima.

Dzuwa litafika pamutu ndinati ayi, ndabwera ulendo wonsewu, ndikhudzeko. Ndinakwinya chitenje, ndinalowa mpaka m'akakolo. Kuzizira kwake! Mchenga unkathawa pansi pa mapazi anga ngati wina akukoka mphasa. Ndiye chinachitika chinthu chimene sindinauzepo munthu mpaka lero: kwa kamphindi, panalibe wondiitana. Panalibe madamu, panalibe agogo ofuna kuchimbudzi, panalibe foni. Ndinaiwala madeyizi. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, ndinapita mpaka m'mawondo.

Kenako wenzulo.

Kutembenuka, chibambo chachitali, chifuwa pamtunda, kabudula wofiira, chikuthamangira ine, chikuimba wenzulo, chikukupiza manja. Ndinati basi, awa ndi apolisi a m'madzi, andipeza. Munthu wanzeru akanathawira kumtunda. Koma kumtundako ndi kumene kunali iyeyo, ndiye ine ndinathawira m'nyanja. (Musaseke, mantha alibe sukulu, komanso ine sukuluyo ndinalibe kale.) Sindinapite patali. Chimadzi chinabwera chotalika ngati mpanda, chinandimenya pachifuwa, miyendo m'mwamba, chitenje kumutu, ndinamwa mchere wokwana ndiwo za pamaliro. Ndinangomva dzanja landigwira pamkono, likundikoka ngati thumba la makala.

Sanali wapolisi. Anali wa ntchito yopulumutsa anthu omira. Anandilozera mbendera ziwiri zozikidwa pamchenga, kuti anthu amasambira pakati pa zimenezo, ine ndinali kutali nazo. Anandifunsa kuti ndimachokera kuti. Ndinamupatsa moni wa Chizulu katatu motsatizana mpaka anagwedeza mutu n'kuchoka. Wigi inali itapita. Patapata limodzi linali litapita. Foni yokha ndi imene inapulumuka m'jumbo mwake.

Ndili chikhalire pamchenga, ndikutsokomola, tsitsi langa lenileni lili poyera ngati munda wosalima, panafika amayi ena achikulire ovala zoyera. Anali gulu, a mpingo wina wa konko, ankatunga madzi m'zigubu. Mmodzi wa iwo anandipatsa kansalu kuti ndifunde kumutu. Chizungu chawo ndi changa zinali zofanana kuchepa, koma tinamvana ndi manja. Anandifunsa ngati ndili ndi mwana, ndinati mmodzi, ali kutali. Analoza madziwo, anachita ngati akusambitsa khanda, anachita ngati akuwaza pakhomo, kenako anakankha mphepo ndi manja awiri, kusonyeza kuti zoipa zonse zimachoka. Ine misozi. Ndinati Mulungu wandigwetsa m'madzimu kuti ndikumane ndi mayi ameneyu. Ndinataya chakumwa chotsala, ndinatsuka botolo, ndinatunga mpaka pakamwa, ndi kamchenga pansi monga anandionetsera.

Lamulungu nditabwerera ndinayatsa foni, mafoni a apongozi ataunjikana. Nditawaimbira anafunsa kuti masiku awiri onsewa ndinali kuti. Ndinati magetsi anazima, amayi, foni inatha moto. Bodza limodzi lokhalo, laling'ono, ndipo ndinaliiwala tsiku lomwelo. Iwo sanaliiwale.

Sabata yotsatira transipota wathu, bambo amene amatenga katundu wa anthu kupita naye ku Lilongwe, ankanyamuka. Ndinamanga katundu: bulangete la apongozi, jekete ya a Yohane, diresi ndi nsapato za Tadala, mafuta ophikira. Pakati pa bulangete ndinakulungamo botolo lija. Ndiye ndinatumiza uthenga wa mawu pa foni, ndikusangalala, mawu ali m'mwamba: "Amayi, m'bulangetemo muli botolo, ndi madzi a m'nyanja ya mchere, ndinatunga ndekha ndi manja anga, muzimusambitsako Tadala."

Inu nonse mukudziwa zimene anatilangiza tili atsikana. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wa kunja sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana kuti amuthirire. Akathira yekha, mwana wa pakhomopo amatupa, amati wamusempha. Ine ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma m'mutu mwanga aja anali madzi. Sindinaganizeko n'kamodzi komwe kuti ndikutumiza mchere, wotapa ndi dzanja langa, kwa apongozi amene anandichenjeza kuseri kwa nyumba.

Katundu anafika. Tadala anaona botolo la chakumwa, chipepala chake chili pompo, anadikira akuluakulu atembenuke, anatsegula n'kugugudiza. Anasanza, analira, zinatha. Patapita sabata ndi masiku, masaya anatupa onse awiri, thupi linatentha, kudya anakana.

Foni inandipeza ndikukolopa.

"Mwanayu mwamusempha," anatero apongozi, opanda ngakhale moni.

"Amayi, mwapita naye kuchipatala?"

"Chipatala chidziwa chiyani za tsempho? Munati magetsi anazima. Magetsi ake a m'nyanja? Anzanu amadula mwana ndi kamchere ka pansonga ya supuni, inu mwatitumizira nyanja yonse!"

Ndinalumbira, ndinalira, ndinagwada pa matailosi onyowa ngati akundiona. Anati mankhwala a tsempho sagwira mpaka wolakwayo aulule ndi pakamwa pake. "Bwerani mudzatchule dzina la mwamunayo. Mukapanda kubwera, mwanayu ndikupita naye kumudzi ku Dowa, akamuone odziwa, ndipo akachira akhala konko. Mayi wotere sitingamupatsenso mwana."

A Yohane ndinawaimbira kasanu. Anayankha kamodzi, anati, "Zimenezo ndi za azimayi, mumvane ndi amayi," kumbuyo kukumveka wailesi ndi wina akukazinga.

Madamu anati ndikatuluka pageti ndisadzabwerenso, atsikana ofuna ntchito ndi ambiri. Pa boda, bambo wa pawindo anatsegula pasipoti, anawerenga miyezi ndi zala, anandiyang'ana, n'kudinda chidindo choti dziko lawo ndisalipondenso kwa zaka zingapo. Miyezi yonse ija ndinkathawa apolisi, mapeto ake ndinakadzipereka ndekha pawindo, nditaima pamzere bwinobwino.

Ku Mgona ndinafika Lachisanu masana. Ine maso anga sagona, ndi chilema changa, ndiye ndisanapereke ngakhale moni ndinali nditaona zinthu zinayi. Pachingwe chakuseri panali bra wofiira amene sanali wanga, ndipo apongozi sangakwanemo. Mapoto anga anali atakwechedwa mpaka kunsi, ine sindikwecha choncho. Pawindo la chipinda chathu panali katani wa maluwa. Ndipo Tadala, masaya ali ngati wabisa mandasi awiri m'kamwa, tsitsi lake linali lolukidwa mizere yoongoka, yoti zala za apongozi sizingathe.

Ndinagwada, ndinatambasula manja. Mwana wanga anandiyang'ana n'kuthawira kuseri kwa miyendo ya mkazi wina amene anaima pakhomo la nyumba yanga.

"Awa ndi a Loveness, asuweni awo a Yohane," anatero apongozi. "Amatithandiza mwanayu. Tadala, pereka moni kwa anti a ku Joni."

Anti a ku Joni. Ndinameza. Zinali zowawa kuposa za m'nyanja zija. Ndinapempha kuti ndithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo, anati mwana satuluka pageti nkhani isanakambidwe. Ndinagona pamphasa m'nyumba ya apongozi ngati mlendo.

Loweruka m'mawa anabwera malume anga, ankhoswe anga, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Area 47 ndipo anafika maso ali ofiira ndi tulo. Tinakhala pakhonde. A Yohane anakhala pampando atavala jekete imene ndinawatumizira, akuyang'ana makiyi a njinga ngati awaona koyamba. Pakati pathu, pa katebulo, apongozi anaimikapo botolo lija, madzi atatsika pang'ono pomwe anamwa Tadala, kamchenga kali pansi. Kumpanda wa kapinga mitu ya maneba inayamba kutulukira umodziumodzi.

"Kunyanjako munapita ndi ndani?" anayamba apongozi.

"Ndekha, amayi."

Kumpanda wina anaseka.

"Nokha. Kukatani?"

"Kukapuma."

"Munadwala?"

"Ayi."

"Nanga munthu wosadwala amapuma chiyani? Kunali maliro? Kunali msonkhano wa mpingo? Kuli m'bale wanu kumeneko?"

"Ayi, amayi. Ndinkangofuna kuiona."

Ndinayang'ana malume kuti andithandize. Anakanda m'mutu. "Mphwanga," anatero, "nanenso pamenepa pakundivuta. Munthu wamkazi ngakhale kuchigayo amaitana mnzake. Iwe dziko la eni, kukagona kumalo a alendo, wekha? Tangotionetsa zithunzi, nkhani ithe."

"Palibe zithunzi, malume. Foni ndinazimitsa."

Pamenepo ngakhale a Yohane anadzutsa mutu. "Ndani amapita kunyanja osajambulitsa?" anatero. "Anthu amajambulitsa ngakhale pa depoti. Ukabisa chithunzi ndiye kuti muli munthu."

Taonani mlandu wake. Ndikanajambulitsa, akanafunsa kuti anakujambula ndani. Sindinajambulitse, ndiye kuti ndikubisa wondijambula. Mboni yanga inali patapata limodzi la pinki limene ndinali nalo m'chikwama, ndipo ndinalitulutsadi, ndinaliika patebulo pambali pa botolo (sindikudziwa kuti ndinkaganiza kuti linena chiyani).

"Linzake lili kwa mwamunayo," anatero mayi wina kumpanda, anthu n'kugwa nako kuseka.

Apongozi anaweramira kwa ine. "Tamverani. Mwana akuvutika uyo. Funso ndi limodzi. Chichokereni pakhomo pano, palibe mwamuna amene anakukhudzani?"

Apa ndi pomwe ndinadzipha ndekha. Ndinali nditanama kamodzi za magetsi, ndiye ndinalumbira mumtima kuti lero ndinena zoona zokhazokha, mwina Mulungu amuchiritsa mwana.

"Mmodzi yekha anandigwira pamkono. Ankandivuula m'madzi."

"Ehee! Anali ndani?"

"Dzina sindikulidziwa."

"Ngakhale dzina sakulidziwa!" anakuwa apongozi, kuuza a kumpanda. "Anavala chiyani?"

"Kabudula wofiira."

"Ndi chiyani?"

"Kabudula yekhayo."

Malume anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso. A Yohane anaimirira, anayenda mpaka pa njinga, anabwerera, akupukusa mutu ngati munthu wolakwiridwa kwambiri mu Lilongwe yense. Apongozi anati basi, zamveka, Lolemba mwana akupita ku Dowa, ine ndibwerere kwa wa kabudula wanga. Ndinkafuna kufotokoza za mbendera, za wenzulo, koma mawu ankatuluka oduka, ndipo aliyense ankalankhula nthawi imodzi.

Nthawi yonseyi a Loveness anali chapambali, pafupi ndi bafa, akuphika nyemba pa mbaula, nsana atatipatsa ngati nkhaniyo sakuimva. Koma ine ndinkawaona. Ndinaona mmene ankadzukira, dzanja limodzi pachiuno, chitenje atamangira m'mwamba pansi pa mabere. Ndinaona atavundukula poto, atatenga kabotolo ka mchere, n'kukabweza pansi osatsegula.

"Tadala," anaitana chapansipansi, "bwera undithirire."

Mwana wanga, ndi masaya akewo, anadzuka pamphasa, anapita, anatapa mchere ndi tizala take, anathira, anatapanso pang'ono, anathira, n'kupukuta m'diresi. Osafunsa kuti wochuluka bwanji. Dzanja lozolowera.

Phokoso lonse lija kwa ine linazima. Ndinati, "Tadala, mwanawe, umathira mchere ndiwe?"

Aka kanali koyamba kundiyankha. "Eya. Ndine wothira mchere."

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Anti akaphika amandiitana."

"Ali kumwezi," anadumphira apongozi, msangamsanga.

"Mwezi wake wautali bwanji, amayi," ndinatero, "wofika mpaka mimba kuoneka?"

Tadala, poona kuti anthu onse akumuyang'ana, anafuna kuthandiza. "Anti amagona kuchipinda kwa adadi," anatero. "Ine ndimagona kwa agogo."

Ndinayang'ana a Yohane. Anali atabwerera ku makiyi awo. Ndinati tsopano zatheka, tsopano aliyense waona kumene kwachokera moto pakhomo pano. Ndinadikira kuti apongozi agwetse nkhope.

Anakonza mpango wawo, n'kunena mofatsa: "Mwaonatu. Mnzanuyu mwambo amaudziwa. Chibwerereni sanathirepo mchere ndi dzanja lake ngakhale tsiku limodzi. Inu ndi amene munathira."

Anzanga, pali mawu ena amene akakugwera sulira, umangomva m'makutu kulira tizilombo. Miyezi khumi ndi umodzi ndikusambitsa agogo a eni, ndikugona ndekha m'kachipinda ka kuseri kwa garaja, wolakwa ndine chifukwa cha botolo. Wogona pabedi langa ndi waulemu chifukwa amaitana mwana wanga kuti amuthirire mchere.

Sindikukumbuka kuti ndinaganiza. Ndinangoona ndamunyamula Tadala, ndamuponya kumbuyo, ndamanga chitenje, iye akulira kuti agogo, agogo. Apongozi anathamangira pageti n'kuima pakati, manja uku ndi uku. A Yohane anaima pambali pawo. "Mwana satuluka pano," anatero apongozi.

Ndinatembenuka kuti ndione malume, ali pompaja ndi chipewa chawo. Ndiye maso anga anagwera pa botolo.

Ndinalitenga. Ndinatsegula. Ndinaika chala pakamwa pake monga timachitira powaza madzi pabwalo tisanasese.

"Mwati ndine wotentha," ndinatero. "Chabwino, ndine wotentha. Uwu ndi mchere wanga, wotapa ndekha. Ndiyamba ndi poto wa nyembayo, kenako pakhomo la nyumba iyo, kenako amene waima pagetiyo. Titupe tonse."

Ndinagwedeza botolo kamodzi, madontho anagwera pansi pafupi ndi mapazi a a Yohane. Bambo aja analumpha ngati aponda moto, mpaka anagunda njinga yawo n'kuigwetsa. A Loveness anakumbatira mimba n'kuthawira m'bafa. Mitu ya kumpanda inazimiririka yonse nthawi imodzi. Apongozi anayang'ana botolo, anayang'ana ine, kenako anasuntha pang'onopang'ono, nsana kumpanda, mpaka geti linatsala lokha.

Ndinatuluka botolo lili m'mwamba ngati muuni. Malume ananditsatira atanyamula chikwama changa ndi patapata lija, akunong'ona kuti, "Mphwanga, tseka, tseka, ungandidonthezere."

Kuchipatala adokotala anamugwira Tadala m'masaya, anamuyang'ana m'kamwa, anati ndi matsagwidi, agwira ana ambiri m'dera lomwelo mwezi umenewo. Anatipatsa mankhwala oziziritsa thupi, anati azimwa madzi ambiri. Ndinafunsa ngati madzi a m'nyanja angatupitse mwana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anafunsa kuti ku Mgona nyanja yafikako liti. Pasanathe sabata masaya anaphwa okha.

Ndinatumiza uthenga kwa apongozi kuti ndi matsagwidi, mwana wachira. Anayankha kuti wachira chifukwa ndinaulula pagulu. Ndipo ndi mmene nkhani ikuyendera mpaka lero, kuchokera ku Mgona kukafika ku Area 25: mkazi uja anavomera yekha kuti ndi wotentha, anali ndi mwamuna wa kabudula wofiira ku Durban. Ena akuti ndi msilikali. Ena akuti ali ndi sitima yapamadzi. Ine amene ndinangomupatsa moni katatu.

Pano tikukhala kwa malume ku Kaliyeka, ine ndi Tadala m'kachipinda kosungiramo makala. Ntchito inapita, pasipoti ili ndi chidindo, banja ndi limenelo mwaliona. Akazi awo a malume ndi munthu wabwino, samanditchulira nkhaniyi, koma ndikaphika ndiwo amapezeka aima pakhomo la khitchini, akumwetulira, n'kuitana kuti, "Tadala, bwera uwathirire amayi ako." Mwana wanga ntchito yake sinathe, anangosintha poloti. Zinamutengera miyezi iwiri kuti asiye kunditcha anti. Tsiku limene anati amama koyamba ankafuna ndimupatse tomato woti aziseweretsa, ndinamupatsa atatu, abwinobwino.

Mukufuna phunziro? Memory akuti phunziro ndi loti ukapita kunyanja uzijambulitsa. Malume akuti phunziro ndi loti munthu wamkazi asamapume. Ine chimene ndinaphunzira n'choti potumiza katundu kwa apongozi uzitumiza bulangete lokha. Koma mukandifunsa ngati ndikanapitanso, ndinama ndikati ayi. Kamphindi kaja madzi ali m'akakolo, popanda wondiitana, ndimakakumbukira ndikamatunga madzi pa kiyosiki, ndipo ndimadzida kuti ndikukakumbukira.

Apongozi anatumiza mawu kawiri kuti abwera kudzatenga mdzukulu wawo. Kachiwiri anafikadi mpaka pamsewu, ine ndinangotuluka n'kukhala pakhonde, botolo lili pamiyendo. Anapereka moni ali patali, anafunsa ngati mwana akudya bwino, n'kubwerera.

Botololo limakhala kuseri kwa chitseko, pomwe dzanja langa lingafike msanga. Kungoti chitsekerero chake chinang'aluka tsiku lija, ndiye madzi amatsika pang'onopang'ono. Akafika pakati ndimadikira anthu achoke, ndimawonjezera a pampopi ndi supuni zitatu za mchere wa pa okala, n'kugwedeza kuti kamchenga kavunduke. Za m'nyanja zenizeni mwina munatsala mchenga wokhawo. Ku Mgona sakudziwa, ndipo inu musakawauze.